Kawerengedwe ka ECG: kutsatira magetsi a mtima pa pepala

Pepala la ECG likangotuluka, ambiri maso amathamangira pamwamba pomwe makina alemba maganizo awo. Pindani kaye pamenepo, mudzawerenge pomaliza. Makina amawerengera bwino manambala, koma pa nkhani ya kagundidwe amasokonezeka kawirikawiri. Wodwala akangonjenjemera ndi kuzizira, amatha kulemba matenda oti kulibe. Malangizowa ndi a ophunzira za unamwino ndi za udokotala, komanso ma clinical officer amene ali pa chipatala choti katswiri wa mtima sapezeka pafupi.

Kamzere kalikonse pa pepalalo kakukuuzani pomwe magetsi a mtima afika pa nthawi imeneyo. Magetsiwa amayambira pa SA node, pamwamba pa chipinda chakumanja cham'mwamba, ndipo amayaka ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Akamafalikira m'zipinda ziwiri zam'mwamba, pa pepala pamatuluka kafunde ka P. Kenako amafika pa AV node, yomwe ili ngati rodibuloko: aliyense aime kaye pang'ono asanadutse. Kuimako n'kwadala, kuti zipinda zam'mwamba zimalize kukankhira magazi m'zam'munsi. Akadutsa apo amalowa mu bundle of His, n'kugawikana nthambi ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, mpaka kumwazikana mu tinjira ta Purkinje. Njira yam'munsiyi ndi yothamanga zedi, n'chifukwa chake QRS, funde lomwe limatuluka magetsi akamafalikira m'zipinda zam'munsi, imakhala yopyapyala. Funde la T ndi zipinda zam'munsi zikukonzekeranso kugunda kwina. Malembawa anawasankha ndi Willem Einthoven wa ku Leiden, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1924, ndipo sanasinthe mpaka lero.

Poyamba: kodi pepalali ndi lodalirika?

Onani dzina, tsiku ndi nthawi. Kenako onani liwiro la pepala, liyenera kukhala mamilimita 25 pa sekondi. Pa liwiro limeneli kabokosi kakang'ono ndi masekondi 0.04, bokosi lalikulu, lokhala ndi tibokosi tisanu, ndi masekondi 0.2. Kumayambiriro kwa mzere kumakhala kachizindikiro kangodya zinayi, kayenera kutalika tibokosi 10, kuimira 1 mV. Wina akasintha liwiro kufika pa 50 osakuuzani, mtima wabwinobwino udzaoneka wochedwa ndipo QRS iliyonse idzaoneka yotambalala.

Mawaya ndi 10 koma amapereka ma lead 12, kutanthauza mbali 12 zoyang'anira mtima: I, II, III, aVR, aVL ndi aVF ochokera m'manja ndi m'miyendo, ndi V1 mpaka V6 apachifuwa. Anayi amapita m'manja ndi m'miyendo, asanu ndi limodzi pachifuwa. Apachifuwawa ndi amene amasokonezedwa kwambiri, makamaka V1 ndi V2, omwe anthu amakonda kuwamata m'mwamba kwambiri. Musamangoyerekeza ndi maso. Tsitsani chala pa fupa lapakati pachifuwa mpaka mumve pomwe patukuka, pamenepo ndi pomwe nthiti yachiwiri yalumikizana. Mpata wapansi pake ndi wachiwiri, werengani mpaka wachinayi. V1 ikhale mu mpata wachinayi kumanja kwa fupalo, V2 mu mpata womwewo kumanzere. V4 ipite mu mpata wachisanu kumanzere, molunjika pakati pa fupa lopingasa lapansi pa khosi, V3 pakati pa V2 ndi V4. V5 ndi V6 zitsatire mzere wa V4 kulowera m'khwapa. Kwa amayi, matani kunsi kwa bere.

Musanapitirire yang'anani aVR. Mwa munthu wabwinobwino P, QRS ndi T zonse zimaloza pansi mu aVR. Zikaloza m'mwamba, pamene mu lead I zonse zazondoka, nthawi zambiri waya wa dzanja lamanja ndi wa lamanzere asinthanitsidwa. Jambulaninso. Mzere ukakhala ndi ubweyaubweya, mfunditseni wodwala asiye kunjenjemera, pukutani thukuta kapena mafuta odzola pomwe mukumata, ndipo chotsani foni ndi zina zapamagetsi pafupi.

Chachiwiri: liwiro, ndi ngati kagundidwe kali kofanana

Sankhani R, nsonga ya QRS yoloza m'mwamba, yomwe yagwera pa mzere wokhuthala, muwerenge mabokosi akuluakulu mpaka R yotsatira. Gawani 300 ndi nambala imeneyo. Bokosi limodzi ndi 300, awiri 150, atatu 100, anayi 75, asanu 60, asanu ndi limodzi 50. Ilowezeni nambalayi. Njirayi imagwira kagundidwe kakakhala kofanana basi. Kakakhala kosokonekera, werengani ma QRS onse pa mzere wautali wapansi, womwe pa makina ambiri ndi wa masekondi 10, muchulukitse ka 6.

Kuti mudziwe ngati kali kofanana, maso okha amanamiza. Tengani kapepala, kaikeni pansi pa nsonga za R, mulembe timizere pa R zitatu zotsatizana, kenako mukasunthe kutsogolo. Timizereto tikamagwera pa R paliponse, kagundidwe n'kofanana. Mwa ana ndi achinyamata mtima umafulumira pang'ono pokoka mpweya n'kuchedwa potulutsa, amenewo si matenda.

Chachitatu: funani P

Yang'anani mu lead II ndi V1, ndi momwe P imaoneka bwino. Mu lead II iyenera kuloza m'mwamba, yosalala, yosapitirira tibokosi tiwiri ndi theka kutalika kwake, yosafika tibokosi titatu kutambalala kwake. Dzifunseni ziwiri: kodi QRS iliyonse ili ndi P patsogolo pake? Nanga P iliyonse yatsatidwa ndi QRS? Mafunsowa akumveka ngati amodzi koma ndi osiyana, ndipo lachiwirili ndi lomwe limagwira matenda oopsa.

P ikasowa, mzere wapakati n'kumangogwedezeka, mipata ya R ndi R n'kukhala yosiyanasiyana popanda dongosolo lililonse, imeneyo ndi atrial fibrillation. M'maiko olemera amaiona kwambiri mwa okalamba. Kuno kwathu mukaipeza mwa mtsikana wa zaka 20 kapena mayi woyembekezera amene akubanika, ganizirani msanga za mavavu a mtima owonongeka ndi rheumatic heart disease, makamaka vavu ya mitral yothina. Matenda omwewo, asanafike pa fibrillation, amaonetsa P yotambalala ya nsonga ziwiri mu lead II, kusonyeza kuti chipinda chakumanzere cham'mwamba chakula. P yaitali yosongoka imaloza ku chipinda chakumanja, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala m'mapapo.

Atrial flutter imaonetsa mafunde a mano a sowo mu II, III ndi aVF, pafupifupi 300 pa mphindi. AV node singalole onsewo, kawirikawiri imadutsitsa limodzi pa awiri alionse. Choncho mukaona mtima wa QRS yopyapyala ukugunda 150 ndendende osasuntha, funani mano a sowowo ngakhale sakuoneka poyamba.

Chachinayi: PR, pomwe pamafunika kudekha

Yezani kuchokera poyambira P mpaka poyambira QRS. Pabwino ndi tibokosi 3 mpaka 5, kapena masekondi 0.12 mpaka 0.20. Musayeze pa kugunda kumodzi n'kukhutira. Yezani pa mzere wonse wautali, chifukwa chomwe tikufuna ndi momwe PR ikusinthira.

Ikakhala yaitali kupitirira bokosi limodzi lalikulu, koma yofanana paliponse, ndipo palibe QRS yosowa, imeneyo ndi first degree block. Payokha sivuta. Othamanga ndi osewera mpira ambiri amakhala nayo. Funsani za mankhwala monga atenolol ndi digoxin. Koma mwa mwana amene watupa m'malo olumikizira mafupa, akutentha thupi, ndipo anadwala zilonda zapakhosi masabata angapo apitawo, PR yaitali ndi chimodzi mwa zizindikiro zazing'ono za rheumatic fever, musaipeputse.

PR ikamatalika pang'onopang'ono, kugunda koyamba tibokosi 4, kwachiwiri 6, kwachitatu 7, kenako P n'kubwera yokha popanda QRS, zonse n'kuyambiranso, imeneyo ndi Mobitz I, yomwe ambiri amaitchula Wenckebach. Ma QRS amaoneka m'timagulu tolekanitsidwa ndi mpata. Kuti mutsimikize msanga, yerekezani PR yomaliza mpata usanafike ndi PR yoyamba mpata utadutsa: yobwera mpata utadutsayo imakhala yaifupi. Vuto limakhala mu AV node momwemo, ndipo kawirikawiri silipita patali.

Mobitz II ndi ina. PR imakhala yofanana, yofanana, yofanana, kenako mwadzidzidzi QRS yasowa popanda chenjezo. Apa vuto lili kunsi kwa AV node, mu bundle of His kapena m'nthambi, ndipo nthawi zambiri QRS imakhalanso yotambalala. Wodwala wotere akhoza kukhala akuseka nanu pa bedi, koma njira ikhoza kutsekekeratu nthawi ina iliyonse. Atropine kawirikawiri sathandiza pamenepa. Ameneyu ndi wotumiza ku chipatala chachikulu, osati wouza kuti abwerenso mwezi wamawa.

Pali msampha wina: P imodzi ikamadutsa, yotsatira n'kutsekeredwa, mosinthanasinthana. Yotsekeredwayo imakonda kubisala mu funde la T, ndiye pepala limangooneka ngati mtima wochedwa wamba wa 40. Mukaona mtima wochedwa, yang'anitsitsani T iliyonse ngati ili ndi kanundu kachilendo.

Njira ikatsekekeratu, complete heart block, zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi zimayenda payokhapayokha. Tenganinso kapepala kaja. Lembani ma P: mupeza ali pa dongosolo lawo, mwina 80 pa mphindi. Lembani ma QRS: nawonso ali pa dongosolo lawo, koma ochedwa. PR imangosinthasintha mopanda tanthauzo, P ina ili patsogolo pa QRS, ina yamira mkati mwake, ina yakwera pa T. QRS ikakhala yopyapyala pa 40 mpaka 60, magetsi opulumutsawo akuchokera pafupi ndi AV node. Ikakhala yotambalala pa 20 mpaka 40, akuchokera m'zipinda zam'munsi ndipo ndi osadalirika. Agogo amene abale akuti amangogwa n'kudzuka okha patapita kamphindi, musathamangire kunena kuti ndi khunyu musanawagwire pamkono ndi kuwajambula. Imitsani mankhwala ochedwetsa mtima, yezani potaziyamu, ndipo konzani zowatumiza, chifukwa ambiri chithandizo chawo ndi pacemaker, kachipangizo koikidwa m'thupi kothandiza mtima kugunda.

PR ikhozanso kufupika. Ikakhala yosafika tibokosi titatu, ndipo QRS ikuyamba ndi kukwera kotsetsereka m'malo mokwera chiriri, kumene amakutcha delta wave, ndiye kuti pali kanjira kachidule kolambalala AV node. Imeneyi ndi Wolff-Parkinson-White, yomwe inafotokozedwa mu 1930. Chofunika kukumbukira: munthu wotere akagwidwa ndi atrial fibrillation, digoxin ndi verapamil akhoza kumupha, chifukwa amatseka njira yeniyeni n'kusiya magetsi onse akuthamangira m'kanjira kachidule.

Chachisanu: QRS, yopyapyala kapena yotambalala?

Malire ndi tibokosi titatu, masekondi 0.12. Yosafika pamenepo ikutanthauza kuti magetsi adutsa m'njira yothamanga ija. Yofika kapena kupitirira ikutanthauza kuti akukwawa m'minofu ya mtima, mwina chifukwa nthambi ina yatsekeka, mwina chifukwa ayambira m'zipinda zam'munsi momwemo.

Ngati P ilipo patsogolo pa QRS yotambalala iliyonse, pitani ku V1 ndi V6, ndipo muyang'ane kumapeto kwa QRS, chifukwa mbali yochedwa ndi imene imamaliza. V1 ili kumanja. Nthambi yakumanja ikatsekeka, magetsi omalizira amapita kumanja, kulunjika V1, ndiye QRS ya V1 imathera m'mwamba: kansonga kakang'ono, kutsika, kenako nsonga yachiwiri yaitali, ngati lemba la M. Mu V6 ndi lead I mumaona S, nsonga yoloza pansi yotsatira R, yotambalala. Nthambi yakumanzere ikatsekeka, magetsi omalizira amathawa V1, ndiye QRS ya V1 imalowa pansi mozama ndi motambalala, pamene V6 ili ndi R yotambalala, nthawi zina yogawika pansonga. Mukagwira ganizo limeneli simufunikanso kuloweza zithunzi.

Kutsekeka kwa nthambi yakumanja kumapezeka ngakhale mwa anthu athanzi, ngakhale kuti kukabwera mwadzidzidzi mwa munthu wobanika muyenera kuganizira za magazi oundana m'mitsempha ya m'mapapo. Kwa yakumanzere kawirikawiri sikubwera pachabe. Pamakhala BP ya zaka zambiri, mtima wokula ndi wofooka, kapena mitsempha ya mtima yotsekeka. Ndipo kukakhalapo, ST (kachigawo kapakati pa QRS ndi T) ndi T zimaloza kosiyana ndi QRS mwachibadwa, choncho ST yokwera mu V1 mpaka V3 simungaiwerenge monga mwa nthawi zonse.

QRS yotambalala imodzi yobwera msanga, yopanda P, yotsatidwa ndi kampata, ndi kugunda kongolowerera kochokera m'munsi. Kwa apo ndi apo sikuopsa. Koma zotambalala zikandondozana mothamanga, kupitirira 100 pa mphindi, itengeni ngati ventricular tachycardia mpaka wina wodziwa atatsimikiza kuti si imeneyo. Siyani pepala, gwirani mtsempha wapakhosi. Ngati sukugunda, yambani kupsinja pachifuwa ndi kuitanitsa defibrillator. N'chimodzimodzi mzere ukangokhala piringupiringu wopanda QRS yozindikirika.

Pa kutalika kwa QRS, phatikizani kuzama kwa S mu V1 ndi kutalika kwa R mu V5 kapena V6. Zikafika mamilimita 35 mwa munthu wamkulu, khoma la chipinda chakumanzere cham'munsi likhoza kukhala litakhuthala, ndipo kuno gwero lake lalikulu ndi BP yosasamalidwa. Mnyamata woonda amatha kufika nambala imeneyi mtima uli bwinobwino. Mbali inayo, ma QRS akakhala afupiafupi paliponse, osafika mamilimita 5 m'ma lead onse a manja ndi miyendo, mtima ukuthamanga, makamaka ngati aatali ndi aafupi akusinthana, ganizirani za madzi ozungulira mtima. M'zipatala zathu TB ndi imene imabweretsa zimenezi kawirikawiri, makamaka mwa amene ali ndi HIV, ndipo wodwalayo afunika sikani ya mtima mwachangu.

Za axis, komwe magetsi a QRS amaloza, sindichedwapo. QRS ikaloza m'mwamba mu lead I ndi mu aVF, zili bwino. M'mwamba mu I koma pansi mu aVF ndi mu II, yapendekera kumanzere. Pansi mu I koma m'mwamba mu aVF, yapendekera kumanja, zomwe ndi zachibadwa mwa makanda.

Chachisanu ndi chimodzi: ST ndi T

ST iyenera kugona pa mzere umodzi ndi kachigawo kapakati pa T ndi P yotsatira. Yezerani pomwe QRS yathera. Ikakwera ndi kabokosi kamodzi kapena kuposa m'ma lead awiri oyandikana, mwa munthu womva kupweteka pachifuwa, ganizirani za mtsempha wa mtima wotsekeka. Mu V2 ndi V3 malire ndi okwererapo: mamilimita 2 kwa abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo, 2.5 kwa ocheperapo, 1.5 kwa amayi. Oyandikana sikutanthauza oyandikana pa pepala, koma oyang'ana mbali imodzi ya mtima. II, III ndi aVF amayang'ana kunsi. V1 mpaka V4 kutsogolo. I, aVL, V5 ndi V6 m'mbali mwa kumanzere. Chimene chimatsimikiza kwambiri ndi kupeza ST yotsika mbali yoyang'anizana nayo, mwachitsanzo yokwera mu III ndi yotsika mu aVL. Pepala loyamba likakhala losamveka koma ululu ukupitirira, jambulaninso pakatha mphindi 15 mpaka 30. Mtsempha wotsekeka umasintha chithunzi, zina zokweza ST sizisintha msanga chotero.

Mwa zinazo tione ziwiri. Kutupa kwa chikopa chokuta mtima kumakweza ST pafupifupi paliponse, mosasankha mbali, ndipo kachigawo ka PR kamatsika. Wodwalayo amamva bwino akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Chachiwiri ndi early repolarisation, yomwe ndi yofala mwa anyamata athanzi achiafirika: ST yokwera pang'ono m'ma lead apachifuwa, yokhala ndi kakhonyo pomwe QRS yathera, ndi T yaitali. Makina ambiri amathamangira kulemba kuti ndi matenda a mtima. Mvetserani nkhani ya wodwala musanamuopseze.

T yozondoka ndi yachibadwa mu aVR, kawirikawiri mu V1 ndi mu III, ndipo mwa ana mpaka V3. Imene isakupitirireni ndi T yaitali, yopyapyala patsinde, yosongoka, mwa munthu wa vuto la impso kapena amene akumwa enalapril ndi spironolactone. Ndi potaziyamu wochuluka. Akamakwerabe, P imaphwa mpaka kusowa, PR imatalika, QRS imatambalala mpaka kusakanikirana ndi T. QRS ikayamba kutambalala musadikire zotsatira za ku labu, calcium gluconate aperekedwe pomwepo malinga ndi ndondomeko ya chipatala chanu. Potaziyamu wochepa, mwa wotsegula m'mimba kwambiri kapena wa furosemide, amachita zosiyana: T yophwa ndi kafunde kena ka U pambuyo pake.

Pomaliza: QT

Yezani kuchokera poyambira QRS mpaka pothera T, mu lead II kapena V5. Poyang'ana mwachangu, mtima ukamagunda pakati pa 60 ndi 100, T iyenera kutha musanafike theka la mtunda wa R ndi R. Kuti mupeze nambala yeniyeni, gawani QT ndi square root ya RR (mtunda wa R ndi R uja), zonse m'masekondi. Tinene QT ndi tibokosi 10, masekondi 0.40, pamene RR ndi tibokosi 16, masekondi 0.64. Square root ya 0.64 ndi 0.8, ndipo 0.40 kugawa ndi 0.8 ndi 0.50. QT yomwe imaoneka yabwinobwino yasanduka 500 ms. Malire ndi pafupifupi 440 kwa abambo ndi 460 kwa amayi, ndipo kupitirira 500 n'koopsa chifukwa kukhoza kuyambitsa torsades de pointes, mtundu wina wa ventricular tachycardia, yomwe mankhwala ake oyamba ndi magnesium sulphate. Njira iyi ya Bazett imakokomeza mtima ukamathamanga, n'chifukwa chake ku kliniki za TB yosamva mankhwala amakonda njira ina yowerengera, ya Fridericia. Kumeneko QT ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, popeza bedaquiline, moxifloxacin ndi clofazimine onse amaitalikitsa. Kwinini, haloperidol ndi erythromycin nawonso amatero, ndipo ngozi imakula mankhwala awiri otere akakumana mwa munthu wa potaziyamu wochepa.

Tsopano tambasulani pomwe munapinda paja, muyerekeze ndi zomwe mwapeza. Mukasiyana ndi makina, yezaninso ndi kapepala. Funsani ngati wodwala ali ndi ECG yakale, chifukwa kutsekeka kwa nthambi yakumanzere komwe kunalipo chaka chatha ndi nkhani ina, kwa lero ndi inanso. Pepala la makinawa limafufuma ndi kutentha, pakatha miyezi mizere imatha kuzimiririka, choncho lembani m'kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo liwiro, kagundidwe, PR, QRS, QT ndi zomwe mwaona pa ST, pamodzi ndi tsiku, ndipo ngati n'kotheka muchititse fotokope pepalalo.